Mlonda wa madzi osefukira asamadalire magetsi a pawaya

Pa 24 Januwale 2022, namondwe Ana atakhuthula mvula m'chigawo chakummwera, madzi a mumtsinje wa Shire adagumula mbali ina ya damu la Kapichira m'boma la Chikwawa. Makina opanga magetsi okwana mamegawati 129.6 adaima, ndipo padapita nthawi yoposa chaka asadayambirenso kugwira ntchito. M'masiku omwewo mapolo a magetsi adagwa, msewu wa M1 udaduka m'malo angapo, ndipo midzi yambiri ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje idatsala pakati pa madzi, mumdima, mafoni atatha moto.

Ngoziyi idaonetsa poyera vuto lomwe silikambidwa kawirikawiri. Chipangizo chochenjeza anthu za madzi osefukira chimafunika koposa pa tsiku lomwe magetsi athima, msewu waduka ndipo dzuwa labisala m'mitambo. Chikakhala chodalira waya wa magetsi, kapena munthu woti abwere ndi batire latsopano, chimakhala chete pa ola lomwe chimayenera kulankhula.

N'chifukwa chake akatswiri a zamadzi m'maiko osiyanasiyana akufunafuna njira zoti tizipangizo toyezera madzi tizidzipezera tokha mphamvu pamalo pomwe taikidwa. Mbali ina ya kafukufukuyu ikuchitikira malo omwe ambiri sangawaganizire: m'mapaipi a suweji a pansi pa mizinda, momwe mulibe dzuwa, mulibe waya, ndipo munthu salowamo mwachisawawa. Mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, osati mapaipi otere. Komabe zomwe zaphunziridwa pansi pa nthakapo zikukhudza milatho ya pa Shire, Ruo ndi Mwanza.

Mvula ya kumapiri, ngozi ya kuchigwa

Chigwa cha Shire ndiwo malo otsika kwambiri m'dziko lino. Pomwe mtsinje wa Shire umalowera m'dziko la Mozambique, nthaka idangokwera mamita 37 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere. Mvula yomwe imagwa kuchigwa kwenikweniko ndi yochepa poyerekeza ndi ya kumapiri. Madzi omwe amamiza minda ya kwa Makhuwira, kwa Mlolo ndi kwa Nyachikadza kawirikawiri amakhala atagwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Blantyre, ku Neno ndi ku Mwanza.

Mtsinje wa Ruo umachokera m'phiri la Mulanje ndipo umathira mu Shire pa Chiromo. Ukadzaza, umabwera ndi mphamvu yotchinga madzi a Shire, omwe amabwerera m'mbuyo n'kukadzaza dambo la Elephant Marsh ndi madimba ozungulira. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya khwawa lake n'kudzikumbira njira yatsopano m'midzi yoyandikana ndi Makhanga. Madzi osefukira a chaka chimenecho adakhudza maboma 15: anthu 106 adamwalira, 172 adasowa, ndipo pafupifupi 230 000 adathawa m'nyumba zawo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adaposa apa. Anthu 679 adatsimikizika kuti adamwalira, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650 000 adasowa pokhala.

Kuchokera kutali kwa madziwa ndi tsoka, koma mkati mwa tsokalo muli mwayi umodzi, womwe ndi nthawi. Madzi othamanga mamita awiri pa sekondi amatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri kuti ayende makilomita 50. Uthenga wa pafoni umayenda mtunda womwewo m'kuphethira kwa diso. Maola amenewa ndi okwanira kuti banja litulutse ana ndi okalamba, likuse ng'ombe ndi mbuzi, linyamule mbewu ndi ziphaso, n'kukafika kumtunda. Lipoti la mu 2019 la bungwe la Global Commission on Adaptation lidati chenjezo lofika maola 24 ngozi isadagwe lingathe kuchepetsa chiwonongeko ndi magawo 30 pa 100 alionse.

Momwe chenjezo limayendera

M'mitsinje yambiri ya kuchigwa, chenjezo limayambira pa mzati kapena pachipilala cha mlatho chopakidwa utoto wa mitundu itatu. Madzi akakhala pa utoto wobiriwira, zinthu zili bwino. Akafika pa wachikasu, anthu akonzeke. Akagunda pa wofiira, asamuke. Munthu wodzipereka wa kumtunda kwa mtsinje amawerenga mlingowo n'kuimbira foni a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi ya kumunsi, omwe amamwaza uthengawo ndi zimkuzamawu, mawenzulo ndi ng'oma. Mabungwe monga Malawi Red Cross Society akhala akuthandiza makomiti amenewa mogwirizana ndi nthambi ya boma ya DoDMA.

Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo eni ake ndi anthu a m'midzi momwemo. Kufooka kwake kumaonekera usiku. Mtsinje ukayamba kukwera pakati pa usiku, wowerenga mlingo ayenera kudzuka, kuyenda mumvula ndi tochi mpaka m'mphepete mwa madzi aukali, ndipo foni yake ikhale ndi moto komanso mayunitsi.

Pofuna kutseka mpata umenewu, boma lakhala likuika makina owerenga okha mlingo wa madzi. Ntchito yosamalira mtsinje wa Shire ndi madera ouzungulira, yomwe idayamba mu 2012 ndi thandizo la World Bank, idaphatikizapo makina otere komanso dongosolo lolosera za madzi osefukira. Mu 2021, kudzera mu pulojekiti ya M-CLIMES, tizipangizo toyendera mphamvu ya dzuwa tidaikidwa pamitsinje 21 m'maboma asanu ndi atatu, kuphatikizapo Karonga, Salima, Zomba ndi Phalombe, potsatira luso lomwe bungwe la ICIMOD lidayamba kugwiritsa ntchito m'mitsinje ya m'mapiri a Himalaya.

Kagwiridwe ntchito ka tizipangizo tambiri ta mtunduwu n'kofanana ndi momwe mleme umapezera njira mumdima. Kachipangizo kamapachikidwa pamwamba pa madzi, kamatumiza kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, kenaka kamawerengera nthawi yomwe kaphokosoko katenga kuti kagunde madzi n'kubwerera. Madzi akamakwera, nthawiyo imafupika. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukamatentha madigiri 20, koma pa madigiri 40 limayenda mamita pafupifupi 355. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma pamlatho wotalika mamita asanu kuchokera pamadzi kungalakwitse mlingo ndi masentimita pafupifupi 17. Choncho kachipangizo ka kuchigwa kayeneranso kuyeza kutentha kwa mpweya. Kuyeza konseku, kuwerengera ndi kutumiza uthenga zimafuna magetsi usana ndi usiku.

Vuto lomwelo pansi pa mzinda

Mizinda yambiri yakale ya ku Ulaya ndi ku America ili ndi mapaipi omwe amanyamula pamodzi zonyansa za m'nyumba ndi madzi a mvula. Mvula ikagwa yambiri, mapaipiwo amadzaza ndipo zonyansa zimasefukira m'mitsinje kapena kubwerera m'nyumba za anthu. Nthawi zina paipi imatsekeka ndi mafuta ophikira, nsanza ndi mizu ya mitengo, ndipo a khonsolo amadziwa zavutolo fungo litafika kale pamsewu.

Mzinda wa South Bend ku America udayamba mu 2008 kuika tizipangizo toposa 100 pansi pa zivindikiro zachitsulo za m'misewu yake. Tizipangizoti timauza oyang'anira komwe madzi adzaza ndi komwe kudakali malo, kotero amatha kupatutsira madziwo m'mapaipi opanda kanthu m'malo mowataya mumtsinje. Ku Switzerland, bungwe lofufuza zamadzi la Eawag lidasandutsa mapaipi a tauni ya Fehraltorf, kufupi ndi Zürich, kukhala malo oyeserapo tizipangizo tamtunduwu.

Kulikonse komwe ayesa, chopinga chachikulu chakhala mphamvu. Kukokera waya wa magetsi m'dzenje lililonse n'kokwera mtengo. Batire limatha, ndipo kulisintha si ntchito yamasewera: msewu utsekedwe, chivindikiro cholemera chinyamulidwe, ndipo wantchito aweramire kapena alowe m'dzenje momwe mumakhala mpweya woopsa. M'suweji mumatuluka mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda, womwe umapha munthu ukachuluka komanso umadya zitsulo. Mumatulukanso mpweya wa methane, womwe umayaka ukakumana ndi moto. Kuonjezera apo, uthenga wa pawailesi umavutika kudutsa chitsulo ndi nthaka, choncho kachipangizo kamawononga mphamvu yambiri pofuna kumveka kunja. Mzinda wokhala ndi tizipangizo mazanamazana umapezeka kuti ndalama zambiri zikuthera pa kusintha mabatire.

Kukunkha mphamvu

Mwini munda akamaliza kukolola, m'mizere mumatsala ngala ndi mtedza zomwe ena amadzatola. Luso lomwe akatswiriwa akulimbana nalo likufanana ndi kukunkha kotereku: kutola timphamvu tomwe tikungotayika pamalopo n'kutisunga mpaka titakwana kugwira ntchito. M'mapaipi a suweji muli magwero asanu omwe ayesedwa.

Loyamba ndi kusiyana kwa kutentha. Mu 1821, Thomas Johann Seebeck wa ku Germany adapeza kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa, mbali ina n'kutenthedwa ina n'kukhala yozizira, pamabadwa magetsi. Madzi a m'suweji amachokera m'mabafa ndi m'makhitchini, motero m'maiko ozizira amakhala ofunda kuposa nthaka yowazungulira. Kachitsulo kopyapyala koikidwa pakati pa madziwo ndi nthaka kamatulutsa magetsi ochepa koma osalekeza. Ubwino wake ndi woti mulibe chozungulira kapena chokhulana, choncho palibe chomwe chimatha msanga.

Lachiwiri ndi kugwedezeka. Abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, adapeza mu 1880 kuti miyala ina yonyezimira imatulutsa magetsi ikafinyidwa. Kamoto komwe kamathetheka munthu akadina laita kamachokera pa luso limeneli. Galimoto ikaponda chivindikiro cha pamsewu, kugwedezekako kungasandutsidwe magetsi, ngakhale kuti njirayi imathandiza pamisewu yodutsa magalimoto ambiri yokha.

Lachitatu ndi kuthamanga kwa madzi. Kagudumu kozungulira m'madzi kamapanga magetsi monga momwe dayinamo ya njinga imayatsira nyali. Mphamvu yake ndi yochuluka kuposa ya njira ziwiri zoyambazo, koma m'suweji mumayenda nsanza, mapepala apulasitiki ndi tsitsi, zomwe zimakola kagudumuko.

Lachinayi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mu 1911, katswiri wa zomera M.C. Potter wa ku Durham ku England adaonetsa kuti mabakiteriya akamadya zinthu zowola amatulutsa magetsi pang'ono. Kachidutswa ka makala apadera kakakwiriridwa m'matope opanda mpweya wabwino, kena n'kukhala pamwamba pomwe pali mpweya, waya wolumikiza tiwirito umayenda magetsi. Mu 2008 akatswiri a gulu lankhondo lapamadzi la America adalengeza kuti ayendetsa chipangizo choyeza nyengo pamtsinje wa Potomac ndi mphamvu ya m'matope a pansi pa mtsinjewo. Akatswiri a pasukulu yaukachenjede ya West of England ku Bristol adapanga zimbudzi zoyatsa nyali ndi mkodzo, ndipo mu 2017 adaziika pasukulu ina ya atsikana ku Kisoro m'dziko la Uganda. Pa njirayi zonyansa zomwezo ndizo chakudya cha makina.

Lachisanu ndi dzuwa lomwe. Kagalasi kakang'ono ka sola kamamatidwa pamwamba pa chivindikiro, waya n'kutsikira m'dzenje. Fumbi, masamba ndi galimoto yoimikidwa pamwamba pake ndizo zimakasokoneza. Akatswiri a ku Switzerland ayesa njirayi komanso ya kusiyana kwa kutentha.

Chinsinsi chili pa kudya pang'ono

Kupatula kagudumu ka m'madzi ndi sola, magwero amenewa amapereka mphamvu yochepa zedi, nthawi zambiri mamiliwati owerengeka. Miliwati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 000 a wati. Phunziro lalikulu lomwe latuluka m'mapaipi a suweji ndi lakuti mphamvu yochepa chonchi ndi yokwanira, bola kachipangizo kaphunzitsidwe kusawononga.

Masamu ake ndi osavuta. Kachipangizo kodya miliwati imodzi kosalekeza kamatha chaka chonse ndi mphamvu yomwe babu la mawati 10 limamaliza ola limodzi lisadakwane. Kuti kafike pamenepa, kamagona nthawi yambiri. Kamadzuka mwina pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse, kamayeza mlingo wa madzi m'kanthawi kosakwana sekondi, kamatumiza manambala ochepa, kenaka kamagonanso. Pomwe kali mtulo, mphamvu yokunkhidwa ija imakhala ikusonkhana m'batire laling'ono kapena m'kachosungira kotchedwa supercapacitor, komwe kamapirira kudzazidwa ndi kukhuthulidwa kambirimbiri. Paja akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Gawo lodya mphamvu kwambiri ndi kutumiza uthenga. Kulumikizana ndi nsanja ya mafoni kumafuna magetsi ambiri nthawi imodzi. M'malo mwake, tizipangizo tambiri tatsopano timagwiritsa ntchito wailesi yotchedwa LoRa, yomwe singanyamule mawu kapena zithunzi koma imatha kutumiza manambala ochepa pamtunda wa makilomita angapo, ngakhale oposa 10 pamalo opanda zotchinga, ndi mphamvu yochepa kwambiri. Tizipangizo tambiri timatumiza ku cholandirira chimodzi choikidwa pamalo okwera, ndipo icho ndicho chimalumikizana ndi intaneti.

Kachipangizo kokonzedwa bwino kamasinthanso khalidwe malinga ndi nyengo. M'chilimwe, mtsinje uli phee, kangathe kulankhula kamodzi pa ola. Kakaona kuti madzi ayamba kukwera msanga, kamayamba kutumiza uthenga pafupipafupi, kugwiritsa ntchito mphamvu yomwe kadasunga m'miyezi yabata.

Zomwe zingagwire kuchigwa

Mlatho wa kuchigwa ndi wosiyana ndi dzenje la suweji pa chinthu chimodzi chachikulu: dzuwa lilipo, ndipo ndi lochuluka. Palibe chifukwa chosiyira sola. Koma sola monga momwe imaikidwira nthawi zambiri, galasi lalikulu pamwamba pa mzati ndi batire lolemera m'bokosi, ili ndi adani anayi m'dera limeneli.

Woyamba ndi mitambo. Namondwe amabwera ndi masiku angapo a mvula yosakata, ndipo pa masiku otere galasi la sola limangopereka kagawo kochepa ka mphamvu yake. Wachiwiri ndi kutentha. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo m'bokosi lachitsulo lokhala padzuwa mumatentha koposa. Batire la mtovu ndi asidi, la mtundu wa la galimoto, limafupika moyo ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kuchokera pa 25. Zotsatira zake n'zakuti batire limafooka m'miyezi yotentha, mvula itatsala pang'ono kuyamba, ndipo kufooka kwake kumadziwika pa tsiku la ngozi. Wachitatu ndi fumbi la m'chilimwe ndi zitosi za mbalame zomwe zimaphimba galasi. Wachinayi ndi umbava. Galasi la sola ndi batire lalikulu ndi katundu woti aliyense angathe kuunikira nyumba, kutchajira mafoni kapena kugulitsa, ndipo kubedwa kwake kwakhala kukudandaulitsa oyang'anira makina a zanyengo ndi zamadzi m'dziko muno.

Apa m'pomwe luso la m'suweji likuthandiza. Kachipangizo kodya mamiliwati ochepa sikafuna galasi lalikulu. Kagalasi kokwana m'chikhatho n'kokwanira, ndipo chosungira mphamvu chake chingathe kukayendetsa milungu ingapo popanda dzuwa. Zinthu zazing'ono chonchi sizingayatse wailesi yakanema kapena kuunikira nyumba, motero sizikopa wakuba. Popeza zidapangidwira malo achinyezi ndi mpweya wodya zitsulo, zimamatidwa mosalowa madzi, ndipo zingapirire kumizidwa. Ngakhale maonekedwe a chigwachi ndi othandiza: ndi chathyathyathya, chozingidwa ndi zitunda za Thyolo kummawa ndi mapiri a m'malire kumadzulo, kotero cholandirira uthenga choikidwa pamwamba chingathe kumva tizipangizo ta pamtunda wautali popanda kudalira nsanja ya mafoni ya pansi, yomwe imathima mafuta a jenereta akalephera kufika.

Kutsika mtengo kulinso ndi phindu lina. Mitsinje ya kuchigwa siikhala malo amodzi. Mwanza wakwiririka ndi mchenga ndipo amasefukira msanga. Ruo adasintha njira. Makina amodzi okwera mtengo angathe kutsala akuyang'ana mchenga wouma madzi akudutsa kwina. Tizipangizo tambiri totchipa, tomwazidwa pamilatho ing'onoing'ono ya Likhubula, Mwamphanzi, Mkombedzi wa Fodya, Thangadzi ndi Lalanje, tingapereke chithunzi chokwanira, ndipo kamodzi kakakokoloka ena amatsala.

Magwero enawo ayenera kuonedwa mosamala. Kagudumu ka m'madzi kamapanga magetsi ambiri pa nthawi yomwe akufunika, koma Shire wodzaza amanyamula zipika, mchenga ndi namasupuni, zomwe zingakaphwanye pa ola loyamba. Matope a m'dambo la Elephant Marsh ali ndi zowola zambiri zomwe mabakiteriya amadya usana ndi usiku, ndipo zitsulo za pamlatho zimatentha kwambiri masana pomwe madzi a pansi pake ali ozizira. Zonse ziwirizi ndi nkhani zoyenera kafukufuku wa ophunzira za uinjiniya m'sukulu zaukachenjede za m'dziko muno, koma moyo wa anthu sungaikidwe pa luso lomwe likadali pa mayeso. Chomwe chakhwima kale ndi sola yaing'ono, chosungira mphamvu chopirira kutentha, ndi kachipangizo kodziwa kugona.

Zonyansa za mumzinda zimatsikira komweko

Pali njira inanso yomwe suweji imakhudzira chigwa cha Shire, ndipo iyi si ya fanizo. Mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale ndi pakati pa mzinda wa Blantyre, n'kulandira madzi ochokera pamalo oyeretsera suweji a ku Manase. Madzi ake amatsika zitunda n'kukathera mu Shire m'boma la Chikwawa. Mapaipi ambiri a suweji a mumzindawu ndi akale, ndipo paipi ikaphulika kapena chivindikiro chikabedwa n'kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, zonyansa zimalowa mumtsinje zisadayeretsedwe. Kumunsi kuli anthu ochapa, osamba, othirira ndiwo zamasamba ndi omwetsa ziweto.

Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022, patangopita milungu yochepa chichitikireni namondwe Ana, udadwalitsa anthu oposa 58 000 ndi kupha oposa 1 700, ndipo Nsanje ndi limodzi mwa maboma omwe adayamba kukhudzidwa. Kachipangizo koyeza mlingo wa madzi sikangaone kachilombo ka kolera. Chomwe kangachite ndi kudziwitsa akhonsolo ola lomwelo kuti paipi yatsekeka kapena yasefukira, m'malo modikira kuti anthu adandaule patapita masiku.

Kufufuza tizilombo tomweto kuli ndi njira yake, ndipo ina mwa njirazo sifuna magetsi nkomwe. Akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuunika tizilombo ta taifodi m'mitsinje ya mu Blantyre pogwiritsa ntchito kansalu ka bandeji komangidwa ku chingwe, komwe kamasiyidwa m'madzi masiku awiri kapena atatu kenaka n'kupita nako kulabotale. Njirayi adaiyambitsa ndi Brendan Moore ku England m'zaka za m'ma 1940. Matenda a poliyo atapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, azaumoyo adayambanso kuyeza madzi a m'suweji m'mizinda ya dziko lino. Kansalu ka Moore kakukumbutsa kuti chipangizo chabwino ndi chomwe chimagwirabe ntchito pamalo pomwe chaikidwa, ngakhale chitakhala chosaoneka bwino.

Kuchokera pamlatho kukafika pakhomo

Mu 2022 mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, António Guterres, adakhazikitsa cholinga choti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi akhale wotetezedwa ndi dongosolo lochenjeza za ngozi zisadachitike. Mu 2023 dziko lino lidakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi, m'malo mwa la mu 1991. Zonse ziwirizi zikutanthauza kuti makina ena agulidwa ndi kuikidwa m'zaka zikubwerazi.

Makhansala, mafumu, aphungu ndi makomiti a m'midzi ali ndi mafunso omwe angafunse makinawo asadaikidwe. Kodi angagwire ntchito masiku angati popanda dzuwa? Batire lake lidayesedwa pa kutentha kwa madigiri angati, ndipo likatha lina lipezeka kuti? Nsanja ya mafoni ikathima, uthenga udzera njira iti? Ndani adzapukuta fumbi pagalasi, kuchotsa zisa za mavu pakamwa pa kachipangizo ndi kufanizira mlingo wake ndi wa pamzati wa utoto? Nanga pulojekiti ikatha, ndalama zokonzera zidzachokera m'thumba la yani?

Kachipangizo kodzipezera kokha mphamvu kalinso ndi ntchito ina yomwe sikayenera kuiwala: pa uthenga ulionse kazinenanso mphamvu yomwe yatsala mwa iko. Mtsinje wabata ndi makina akufa zimaoneka chimodzimodzi kwa munthu wokhala muofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, popeza zonse ziwiri sizilira. Kachipangizo kakasiya kulankhula kwa maola angapo, kukhala chete komweko kukhale chenjezo loti wina apite akaone.

Makinawa salowa m'malo mwa wowerenga mlingo wa pamzati. Amamuthandiza kuti asamaime m'mphepete mwa mtsinje usiku, ndipo iye amatsimikiza kuti zomwe makina anena n'zoona. Uthenga ukachoka pamlatho uyenera kusanduka mawu a m'Chisena kapena m'Chimang'anja, otuluka pachimkuzamawu cha munthu yemwe mudzi umamudziwa, onena kuti madzi afika liti ndipo anthu athawire kusukulu kapena kutchalitchi kuti. Batire la chimkuzamawucho nalonso liyenera kukhala ndi moto mwezi wa Disembala usadafike.